Tinjira Tadenga ta mu Mzinda wa Paris

Mlendo amene mvula yam'peza pa msewu waukulu wa Montmartre, mu mzinda wa Paris ku France, sasoŵa pousa. Pakati pa nyumba ziŵiri pali chipata chimene munthu wofulumira angachipitirire osachiona. Akaloŵa amapeza kanjira kopapatiza kofolera ndi magalasi, timasitolo titandanda uku ndi uku. Kameneka ndi Passage des Panoramas, kamene kanatsegulidwa cha m'ma 1800.

Chimene chinabala tinjira totere ndi matope. Masiku amenewo misewu yambiri ya mu Paris inalibe mbali yoyendamo anthu apansi. Madzi onyansa ankayenda pakati pa msewu, ndipo ngolo za akavalo zinkathira matope pa zovala za odutsa. Eni malo ataona zimenezi anaboola njira pakati pa nyumba, nazifolera, nachititsa lendi timasitolo m'mbali mwake. Tsono mayi wodzilemekeza ankatha kusankha nsalu mosafulumira, chovala chake osada. Pofika chaka cha 1817 kanjira kameneka kanali kataikidwa nyali za gasi, chinthu chachilendo kwambiri pa nthaŵiyo. Lero mumapezeka ogulitsa masitampa akale ndi malo odyera.

Akatuluka ndi kuwoloka msewu, mlendo uja amaloŵa mu Passage Jouffroy, ka m'chaka cha 1847. Amisiri anakamanga ndi zitsulo ndi magalasi, ndipo anakonza zoti pansi pake pazifunda m'nyengo yachisanu. Pambali pake pali Musée Grévin, nyumba ya zifanizo za sera za anthu otchuka, imene inatsegulidwa mu 1882. Kutsogolo pang'ono kuli Passage Verdeau, kachete kuposa tinzake, kumene munthu angathe theka la tsiku akuvundukula mabuku ndi zithunzi zakale, mwini sitolo osam'fulumiza.

Pa nthaŵi ina tinjira timeneti tinalipo pafupifupi 150. Totsala lero sitikwana 30. Chodabwitsa n'chakuti tinaphedwa ndi misewu yabwino. Kuyambira mu 1853, Haussmann, amene anapatsidwa ntchito yokonzanso mzindawu, anagwetsa nyumba zambiri nalambula misewu yotakata yokhala ndi mbali zoyendamo anthu. Sitolo zikuluzikulu monga Le Bon Marché zinakoka ogula, ndipo wamalonda wamng'ono anatsala akuyang'ana pakhomo. Passage de l'Opéra, kamene kanali pafupi pomwepa, kanagwetsedwa mu 1925 kuti msewu udutse.

Amene miyendo ikadali yolimba angapitirire chakum'maŵa mpaka ku Passage Brady, ka m'chaka cha 1828. Kameneka kanapeza moyo watsopano m'zaka za m'ma 1970, pamene anthu ochokera ku India ndi ku Pakistan anayamba kutsegulamo malo odyera. Kumeneko ndi fungo la mpunga ndi zokometsera ndiwo limene limam'chingamira mlendo asanaone n'komwe denga lagalasi.