Thobwa, chambiko ndi tizilombo ta m'matumbo mwathu

Lero tikamba za chakudya chosasa: thobwa, mahewu, chambiko, ndi phala lija limagona n'kuyamba kuwawasa.

Ife ma-activista tikamayenda m'midzi timakonda kunena kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timadwalitsa. Ndi zoona, kolera ndi kamwazi zimabwera ndi tizilombo. Koma si tonse toipa ayi. M'matumbo mwa munthu aliyense, ngakhale wathanzi, mumakhala tizilombo tambirimbiri totchedwa mabakiteriya, tosawerengeka. Timagaya zakudya zimene mimba payokha singathe kugaya, monga makoko a nyemba, gaga ndi mitsitsi ya m'masamba. Tina timapanga mavitamini. Ndipo tikachuluka timadzaza malo, mwakuti kachilombo koipa kakalowa kamasowa pokhala. Zili ngati munda wa mbatata wophimbana bwino, udzu umavutika kumera.

Ku America kuli sukulu yaukachenjede yotchedwa Stanford. Kumeneko kuli katswiri wa tizilombo, bambo Justin Sonnenburg, amene amagwira ntchito pamodzi ndi akazi awo, mayi Erica Sonnenburg. Iwowa ndi anzawo anatenga anthu akuluakulu 36 osadwala n'kuwagawa pawiri. Gulu lina analiuza kuti lizidya kwambiri nyemba, masamba, zipatso ndi chakudya chosakonola. Gulu linalo analiuza kuti lizidya zosasa za kwawoko, monga yogati, mkaka wowawasa wotchedwa kefir ndi kabichi wosasitsa wa ku Korea wotchedwa kimchi, mpaka kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Anatero kwa milungu 10, akuyeza magazi ndi chimbudzi cha anthuwo. Inde, chimbudzi. Musaseke, ndi m'menemo mmene amaonera zimene zili m'matumbo.

Zotsatira zake anazitulutsa mu 2021. Amene ankadya zosasa aja, mitundu ya mabakiteriya m'matumbo mwawo inachuluka, ndipo m'magazi mwawo zizindikiro 19 za kutupa kwa m'kati mwa thupi zinatsika. Gulu la nyemba ndi masamba lija, m'milungu yochepayo mitundu sinachuluke chimodzimodzi. Chimene chinadabwitsa ofufuzawo n'chakuti mabakiteriya atsopano ambiri amene anaoneka m'matumbo sanali a m'chakudya chija. Zikuoneka ngati chakudya chosasa chinangokonza malo, ndiye tizilombo tina tabwino tinapeza mpata wokula.

Tsono tisathamange. Anthu 36 ndi ochepa, anali akuluakulu, ndipo thobwa sanalilawe n'komwe. Wina asabwere pamsika ndi botolo n'kumati thobwa lake likuchiza shuga kapena edzi poti azungu anatero. Sanatero.

Kafukufuku amene ali pafupi ndi ife anachitikira ku Tanzania. Kumeneko ali ndi chakumwa chonga chathu, amati togwa, dzina lomwe likumveka ngati lathu. Bambo Wilbald Lorri ndi mnzawo wa ku Sweden, Ulf Svanberg, anatsatira ana aang'ono pafupifupi 200 kwa miyezi 9, ena akumwa phala losasa, ena phala wamba. Mu 1994 analemba kuti ana a phala losasa ankatsegula m'mimba pafupifupi kawiri m'nyengoyo, pamene anzawo ankatsegula katatu kapena kanayi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Phala likamasasa, mabakiteriya abwino amadya shuga wa mu ufa n'kutulutsa asidi, ndiko kuwawasa kumene lilime limamva. M'chakudya chowawasa bwino, tizilombo tambiri totsegulitsa m'mimba sitingaswane, tina timafa. Phala wamba lophika m'mawa, likakhala m'mbale mpaka madzulo m'nyengo yotentha ino, limasanduka munda wa tizilombo toipa. Ife tilibe mafiriji. Agogo athu analibenso, koma anali ndi mtsuko wa thobwa.

Chimera nachonso chili ndi ntchito yake. Amayi mukudziwa kuti mukathira chimera cha mawere kapena cha mapira m'phala lolimba, limasungunuka lokha popanda kuthira madzi. Kwa mwana wa mimba yaing'ono izi n'zaphindu, chifukwa amamwa phala lokhala ndi ufa wambiri m'malo mwa phala lamadzimadzi limene limangomukhutitsa madzi. Koma chimera timayanika panja, pamene nkhuku zimapita ndi fumbi limagwera. Ngati phalalo ndi la mwana, mukathira chimera n'kusungunuka, libwezereni pamoto liwire ndithu. Mwana wosakwana miyezi 6 asamwe thobwa, mahewu kapena madzi, bere lokha. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi chakudya cha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake. Ndipo thobwa likagona masiku angapo n'kuyamba kuchita thovu ndi fungo la mowa, lachoka m'manja mwa ana.

Chambiko muzichita kuchokera ku mkaka wowiritsa. Mkaka wosaphika ungathe kubweretsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena, ndipo kuwawasa pakokha sikutsimikiza kuti zonse zafa. Wiritsani, uzizire, thiranimo pang'ono chambiko chabwino cha dzulo, vundikirani.

Tsopano mundimvere bwino, chifukwa apa ndi pamene pali moyo. Kusasa ndi kuwola ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ambiri a inu mukukumbukira zimene zinachitika ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo chathu chino cha Tete, mu Januwale 2015. Anthu anamwa pombe pamaliro. Oposa 200 anadwala, 75 anamwalira, pamodzi ndi mayi amene anafulula mowawo. Mphekesera zinali ponseponse, ena amati wina wathira ndulu ya ng'ona, anthu n'kumalozana zala. Patapita miyezi, mowa ndi ufa zitayezedwa kunja kwa dziko, zinapezeka kuti panalibe ndulu. Munali kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni woopsa. Kanamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira n'kuwonongeka. Ufawo unaoneka kuti sungaphikidwe nsima, ndiye unapita ku mowa.

Taganizani, ndi makomo angati kuno amene amachita zomwezo? Chimanga chikawola m'nkhokwe kapena ufa ukachita chuku, timati usatayike, tipangire thobwa kapena mowa. Ine ndikudziwa kuti kutaya ufa mu Januwale, nthawi ya njala, n'kowawa. Koma poizoni wa ku Chitima uja safa ndi moto, alibe fungo, ndipo mankhwala omuchotsa m'thupi kulibe. Ufa umene simungaphikire nsima musapangire chakumwa chilichonse. Ukwirireni.

Thobwa labwino limayamba ndi ufa wouma wopanda chuku, madzi owiritsa kapena othira Certeza, mtsuko wotsuka ndi wovundikira, ndi manja osamba ndi sopo. Potunga mukhale chikho chimodzi cha ntchito imeneyo, osati aliyense kuviika kapu imene wamwera. Mahewu ogula m'njira, yang'anani botolo lake, ndipo mufunse madzi amene asungunulira. Madzi oipa othira pomaliza amaononga ntchito yonse ya kusasa.

Makapisozi ogula pamsika aja, amene ena amamwa akangomva m'mimba kulira, amapha tizilombo toipa ndi tabwino tomwe. Muzimwa okhawo amene akupatsani kuchipatala.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, pitirizani kumuyamwitsa ndi kumudyetsa, phala losasa lomwe angathe kumwa ngati wapitirira miyezi 6. Koma mankhwala ake ndi madzi a m'paketi aja timati SRO, tsidya la Malawi amati Thanzi, pamodzi ndi mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Wazaumoyo wa m'mudzi mwanu ali nazo. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa, mwana akukana bere, akusanza chilichonse kapena walefuka, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala, ngakhale usiku. Ndipo anthu angapo akadwala atamwa za mumtsuko umodzi, ena onse aleke kumwa, zotsalazo musataye, muzisunge kuti azaumoyo akaziyeze.