Yankho Lisapose Sikelo

Lero za manyowa ziyambe zaima.

Tsiku lina ku Tsangano mnyamata wina anakumba kachewere m'mizere itatu, nayesa pa sikelo, napeza makilogalamu 47. Pofuna kudziwa zokolola za mzere umodzi anagawa ndi 3 pa makina ake owerengera, nalemba 15.666667. Tsono taganizani. Sikelo ija inatipatsa manambala awiri okha, 4 ndi 7. Nanga asanu ndi limodzi enawa achokera kuti? Sikelo siiwadziwa konse. Akadalemba makilogalamu 16, basi.

Pa mayeso a sayansi chitani chomwecho. Funso likanena manambala amene alikufunika, mverani. Likapanda kunena, tsatani muyeso umene uli ndi manambala ochepa. Nambala yoyamba mwa zotayazo ikakhala 5 kapena kuposapo, onjezani 1 pa yotsalayo. Ziro wa kutsogolo, monga mu 0.047, sawerengedwa ayi. Ndipo musadule manambala ntchito ili pakati. Dikirani yankho lomaliza.

Za manyowa tidzakamba sabata la mawa. Tsalani bwino.