MTSEMPHA WA PAKHOMO LA CIWINDI

 Lero tikambirane za ciwindi ca ziweto zathu.

Inu a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri, mukapha mbuzi musathamangire kukazinga ciwindi. Yambani mwacitembenuza. Pafupi ndi ndulu mudzaona mtsempha waukuru wofewa ulikulowa m'kati. Madokotala amaucha portal vein, ndiko kunena mtsempha wa pakhomo. Nchito yace ndiyo kusonkhanitsa magazi a m'cifu, m'matumbo ndi m'kapamba, ndi kuwapereka ku ciwindi kuti asefedwe asanafike kumtima. Ifenso anthu tiri nao.

Nthambi zace ziri ngati timitsinje tothira mu Mudi, koma sizikomana pofanana m'nyama zonse. Mbuzi ina zimakomanira pafupi ndi ciwindi, inzace patali pang'ono. Amenewa si matenda ai, ndi cibadwa cabe. Musataye ndiwo cifukwa ca ici.

Coopsa naci. Zimene ciweto cadya, zabwino ndi zoipa zomwe, zimadzera njira yomweyi. Ululu wa cuku ca m'gaga kapena mtedza woola umafikira m'ciwindi ndi kuciononga. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya mtedza wacuku wocokera ku Brazil. Cotero gaga wonunkha cuku musapatse ciweto.

Tsono dulani ciwindico pakati. Mukapeza timipaipi toyera, tokhuthala, tolira ngati mcenga pa mpeni, si mitsempha ya magazi imeneyo, koma njira za ndulu zoonongeka. Finyani, mudzaona nyongolotsi zaphanthiphanthi ngati tsamba, zina zotalika masentimita 7. Mazira ace amaturuka ndi ndowe, naswa m'madzi, ndipo ana ace amakulira m'nkhono za m'dambo asanakakamire pa udzu. Mbuzi kapena ng'ombe yodya udzuwo imaonda, m'maso mumayera, ndipo pansi pa cibwano pamatupa.

Ciwindi cotere musagulitse pamsika; cikwirireni. Ziweto zimwere m'comwera, osati m'zithaphwi za nkhono, ndipo funsani mlangizi wa ziweto za mankhwala ndi nthawi yomwetsera.

Inu mafumu, itanani anthu anu pabwalo muwauze mau awa, pakuti dambo ndi la mudzi wonse, ndipo ndowe za mbuzi imodzi yodwala zimadwalitsa makola ambiri.