Ulesi wa Loweruka ndi Lamulungu: zomwe ndinaona m'mafilimu athu

Awa ndi mawu omwe mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wa kalabu yathu kuno ku Mbayani. Tawaika pano kuti omwe anajomba awerenge nawo.

Nthawi mwandipatsayi ndi yochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo. Sabata yatha, kuyambira Loweruka m'mawa mpaka Lamulungu usiku, palibe ntchito yooneka ndi maso yomwe ndinagwira, kupatula kutunga zigubu ziwiri za madzi ndi kutsuka mbale. Ndinali chigonere pa mkeka, laputopu ya achimwene pa mpando, kuonera mafilimu basi. Mayi anadutsa kangapo, kachitatu n'kuima pakhomo: "Iwe, MSCE ija unalembera kuti uzigona eti?" Ambiri muno tinamaliza Fomu 4 ndipo tili pakhomo kudikira, ena koleji, ena ntchito, ndiye mawu amenewa mukuwadziwa. Amawawa chifukwa mbali ina ndi oona. Koma lero ndikufuna ndiuteteze ulesi umenewu pang'ono, chifukwa ndinatolamo kanthu.

Lachisanu madzulo ndinapita kobenetsa mafilimu pafupi ndi msika, flash m'thumba. Cholinga chinali ma series a ku Korea monga mwa masiku onse. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, ndinangofunsa kuti, "Akulu, za ku Malawi muli nazo?" Anaseka kaye, kenako anafufuza mpaka pansi penipeni pa kompyuta. Akuti omwe amafunsa zimenezo ndi owerengeka.

Yoyamba kuonera inali Seasons of a Life ya Shemu Joyah. Ndi nkhani ya mtsikana wantchito yemwe bwana wa pa nyumba anamupatsa mimba, mwana n'kutsala m'manja mwa banjalo. Mtsikanayo anabwerera ku sukulu, anakhala loya, ndipo anabwera kudzamenyera mwana wake ku khoti. Anzanga, nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndi atsikana angati ochokera kuno ku Mbayani, ku Chemusa, ku Chirimba, omwe amakwera mtunda m'mawa uliwonse kukagwira ntchito m'nyumba za ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa? Ena ndi achemwali athu enieni.

Masana ndinaika The Road to Sunrise, ya Joyah yemweyo, ya mu 2017. Iyi ndi ya akuluakulu, musaonere ndi ana. Imakamba za atsikana awiri, Rubia ndi Watipa, omwe amapeza chakudya poyendayenda m'mabala a mu Blantyre, mpaka mmodzi anapezeka pa mlandu wakupha munthu. Chinandigwira mtima n'chakuti filimuyi siwanyoza ayi, komanso siwanamizira kuti ndi angelo. Imangokuonetsa kuti munthu amene timamuloza chala mumsewu uja ali ndi kwawo, ali ndi mantha, ali ndi maloto ngati iwe. Filimu imeneyi inapambana mphoto ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos mu 2018, ndipo ndi yoyamba yomwe Malawi inatumiza ku mpikisano wa Oscars. Mphoto ya ku Lagos yomweyo anali atabwera nayo kale Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Ndifunse: muno ndi angati amene ankadziwa zimenezi? Kwezani manja. Mwaona? Inenso ndadziwa posachedwa pomwepa.

Magetsi anazima cha m'ma 4 koloko, batire linatifikitsa pakatikati pa filimu ina, basi ndinagona tulo teniteni. Ulesi pamwamba pa ulesi.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinaonera Fatsani, ya Gift Sukez Sukali. Kamtsikana kamene sukulu yake yatsekedwa kayamba kugulitsa nthochi mumsewu kuti kathandize agogo ake. Mng'ono wanga, yemwe sachedwa kutopa ndi filimu yopanda ndewu, anakhala phee mpaka kumapeto. Mayi nawo, omwe aja ankandikalipira, anakhala pansi ndi lichero la mpunga pamiyendo, n'kuyamba kuyankha anthu a mufilimu ngati akuwamva. Anagulitsapo zitumbuwa m'tauni zaka za m'mbuyomo, ndiye zothamangitsidwa ndi katundu pamutu akuzidziwa. Usiku umenewo anatiuza nkhani zomwe sanatiuzepo chibadwire chathu.

Tinatsekera ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi buku la mu laibulale. Anaiwongolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, anaijambulira ku Kasungu konko, ndipo inaonetsedwa pa Netflix dziko lonse. Zithunzi zake n'zokongola zedi. Koma Chichewa cha ena mwa ochita seweroli chinatiseketsa, mpaka mayi anafunsa kuti, "Amenewa kwawo n'kuti?" Akayankhula Lily Banda ndiye umamva kuti uyu ndi wakwathu. Sindikunyoza ayi, anayesetsa. Koma apa ndinaphunzirapo kuti nkhani yako ukapanda kuinena wekha, adzainena ena, ndipo adzainena ndi lilime lawo.

Pakati pa mafilimuwa ndinathyolanso bandulo kuonera zigawo zakale za Tikuferanji pa YouTube. Tinakula nayo pa MBC, tikuseka Manganya, osadziwa kuti tikuphunzira za Edzi, za nkhanza za m'banja, za katangale. Michael Usi yemweyo anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu 2024. Ndiye amene amati zisudzo ndi masewera a ana aganizenso kawiri.

Tsono mafilimu ngati a Joyah, a Chavula ndi a Sukali amatchedwa oyima paokha, chifukwa kumbuyo kwawo kulibe kampani yaikulu ngati za ku Hollywood. Munthu amasaka yekha ndalama, kupempha apa ndi apo, nthawi zina kuthira za m'thumba mwake. Joyah ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, mafilimu anayamba chifukwa chokonda. Ayenera kulipira kamera, magetsi owunikira, galimoto, chakudya cha gulu lonse, wojambula mawu, wolumikiza zithunzi. Filimu imodzi imatha kudya zaka.

Apa ndi pomwe chikumbumtima chinandigwira. Ndalama yomwe ndinapereka kobenetsa kuja, ndi tambala zingati zinafika kwa amene anapanga mafilimuwo? Mwina palibe ndi imodzi yomwe. Ndinasangalala masiku awiri athunthu ndi thukuta la anthu ena, ulere. Sindikuweruza anyamata obena, nawonso akusaka ya ufa ngati tonsefe, ndipo popanda iwo mwina sindikanawaona mafilimuwa n'komwe. Koma tisadabwe kuti mafilimu a ku Malawi amatuluka patalipatali. Mlimi amene chimanga chake chimabedwa chaka ndi chaka amafika potaya khasu. COSOMA ilipo kuti iteteze ntchito za aluso, koma singalondere flash ya aliyense. Kwinako zili ndi ife.

Tonse muno tinakulira m'mavidiyo sho a m'makwalala athu ano: mabenchi, mdima, kutentha, Jet Li akumenya anthu khumi uku DJ akumasulira m'Chichewa ndi kuwapatsa mayina a kwathu kuno. Tinkaseka mpaka misozi. Zimene zija zikusonyeza kuti anthu a ku Mbayani amakonda filimu, ndipo amaikonda kwambiri ikamayankhula chinenero chawo. Msika ulipo. Chikusowa n'choti ndalama ya woonera ifike kwa wopanga.

Ndiye a tcheyamani, ndili ndi mapempho atatu.

Loyamba, kamodzi pa mwezi, Loweruka masana, kalabu izionetsa filimu imodzi ya ku Malawi, kenako tizikhala mphindi 30 kukambirana zomwe taona. Atsikana ayambe ndiwo kuyankhula, chifukwa anyamatafe tikayamba sitisiya.

Lachiwiri, tisamaonetse zobena. A komiti alembere eni filimu kupempha chilolezo, ambiri ali pa Facebook, kapena tidutsire ku Film Association of Malawi. Tizisonkha kangachepe pakhomo, n'kutumiza kwa iwo pa Airtel Money kapena Mpamba. Ikhale yochepa, koma ifike. Zomwe eni ake anaika okha pa YouTube tizionera konko, osati kukopera.

Lachitatu, chaka chisanathe tijambule kafilimu kathu ka mphindi zisanu pa foni. Nkhani sitikasaka kutali: mzere wa zigubu mbandakucha, kondakitala wa minibasi woitanira ya ku Chirimba, mvula ikagwa madzi n'kulowa m'nyumba za kumunsi, mnyamata wa mapointi abwino yemwe wakhala pakhomo chaka chachiwiri. Muno muli olemba ndakatulo, muli a zisudzo, muli wina amene amalumikiza mavidiyo a maukwati. Chikutiletsa n'chiyani?

Sindikunena kuti tizigona Loweruka lililonse, mayi angandithamangitse pakhomo. Zigubu tizitunga, maganyu tizisaka, mafomu a koleji tizilemba. Koma tsiku lomwe mwasankha kupuma, mwa mafilimu asanu omwe muike mu flash, imodzi yokha ikhale ya kwathu. Mukaiona yoipa, bwerani mudzatiuze chomwe chaipa, tiphunzirepo. Mukaiona yabwino, uzani mnzanu.

Amene akufuna kulowa gulu lojambula aonane ndi mlembi tikamaliza. Laputopu ya achimwene ndabwereka kale, angoti asadziwe msanga kuti ndi ya kalabu yonse tsopano.