THIRAKITALA YAKALE: YESANI MUSANAGULE, YESANI MUSANAMANGE

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi, ndipo taisindikiza pano kuti mafumu awerengere anthu ao.



Lero ndifuna kukamba za mathirakitala ang'ono akale, amene ena a inu mwawaona atangokhala pansi pa mtengo wa mango, pa mishoni kapena pa munda wa munthu amene anamwalira kale. Matayala anaphwa, ndipo nkhuku zimaikira pa mpando. Akafika ogula zitsulo zakutha, eni ake amagulitsa pa mtengo wa mbuzi imodzi. Enanso amayamba kukonza, naononga ndalama zonse za manachesi pogula zipangizo zosalowa, ndipo mvula ifika thirakitala iri chigonere. Onse awiriwa ataya chuma chifukwa sanayambe ayesa.

Ambiri a mathirakitala awa ndi a mtundu wa Ferguson. Yotuwa ija, ya dzina lakuti TE20, inapangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1946 kufikira 1956, ndipo anapanga oposa 500,000. Pambuyo pake panabwera ya nambala 35, kenaka mu 1964 ya nambala 135 yofiira. Popeza anapangidwa ambiri chotere, ndiponso mafakitale a ku India ndi ku Pakistan anapitiriza kupanga mathirakitala a mtundu womwewo, masipeya ake akali kupezeka. Koma muyenera kudziwa bwino chimene mulikufuna.

Choyamba, funani nambala. Pafupi ndi chiongolero pali kachitsulo kolembedwa, ndipo pa thupi la injini padindidwa nambala yina. Pukutani ndi parafini, lembani zonse ziwiri m'buku. Musangonena kwa wogulitsa kuti, "Ndiri ndi 35." Zina za nambala 35 ziri ndi injini ya Standard ya masilinda anai, koma kuyambira 1959 anaikamo injini ya Perkins ya masilinda atatu. Dzina ndi limodzi, koma mapisitoni ndi magasiketi salingana konse. Kuchokera pa boma pa Mwanza kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita ngati 100, tsono amene agula mongoganiza alipira basi kawiri. Tengani chitsulo chakuthacho m'manja, chiikeni pa tebulo pambali pa chatsopano, werengani mabowo ndi mano. Safunsa anadya phula.

Chenjeraninso ndi mabauti. Mathirakitala awa anamangidwa ndi mabauti a muyeso wa mainchi, pamene ambiri ogulitsidwa m'magolosale lero ndi a mamilimita. Amaoneka ofanana, koma mukakakamiza ndi sipanala mudya mazinga a m'kati, ndipo bowolo latha nchito. Bauti yoyenera imayamba kulowa ndi zala zokha. Chifukwa chake musataye bauti yakale ngakhale imodzi. Tsukani, sungani m'chitini, ndipo lembani kumene inachoka.

Chachiwiri, musagule kanthu musanaone ngati mtima wa thirakitala uli moyo. Yesani kutembenuza injini ndi dzanja. Ikakana, thirani dizilo pang'ono m'masilinda, dikirani masiku angapo, ndi kuyesanso. Musaikoke ndi lole kuti ilire mokakamiza, pakuti mudzapinda zitsulo za m'kati. Tsegulaninso potulutsira oilo wa kumbuyo. Oilo ameneyo ndi mmodzi wa magiya, wa ekiselo ndi wa pampu yonyamula pulawo. Akatuluka woyera ngati mkaka, mwalowa madzi a mvula, ndipo muyenera kutsuka monse musanathire watsopano. Inu amene muli ndi yotuwa ija, dziwani kuti mikono yake ya kumbuyo sikwera ngati simunalowetse chogwirira cha shafuti ya kumbuyo. Ambiri anagula pampu yatsopano pamene yakale inali yabwino. Mukatsimikiza injini ndi pampu, funsani mtengo wa matayala a kumbuyo ndi batire, pakuti izi ndizo zimadya ndalama zambiri. Penti ndiye wotsiriza. Penti salima.

Tsopano ndifike pa kumanga zipangizo, monga pulawo, chounga mizere ndi ngolo. Bwana Harry Ferguson anatchuka chifukwa cha mamangidwe a mikono itatu: iwiri ya pansi yonyamula, ndi umodzi wa pamwamba. Pulawo ikalowa pa nthaka youma imakankha mkono wa pamwambawo, ndipo pampu imaikweza pang'ono yokha, kulemera kwake ndi kupanikiza matayala a kumbuyo kuti asaterereke. Ndicho chifukwa thirakitala yaing'ono imagwira nchito yoposa msinkhu wake.

Mapini a mikono iyi ali ndi miyeso yake. Pa mathirakitala ang'ono, pini ya pansi ndi ya mamilimita 22 ndipo ya pamwamba ndi ya 19. Pa mathirakitala akulu a m'maesiteti, ya pansi ndi 28 ndipo ya pamwamba 25. Ine ndinaona mlimi wina amene anagula pulawo ya madisiki anai kutsidya kwa malire, kupitirira Zobue, chifukwa inali yotsika mtengo. Pofika nayo kumudzi mapini anakana kulowa. Anapita kwa wowotcherera, nadula mapiniwo, naikapo mabauti wamba. Tsiku loyamba bauti inaduka, ndipo ponyamula pulawoyo matayala a kutsogolo anali kuyandama m'mwamba. Anaigulitsa motaya, nalima ndi khasu chaka chimenecho. Thirakitala yotuwa iyenera mapulawo awiri, ya 135 awiri kapena atatu. Pogula chipangizo tengani pini yanu m'thumba, ndipo yesaninso ndi tepi kutalikirana kwa mapini awiri a pansi.

Shafuti ya kumbuyo, yotembenuza chopukusira chimanga kapena pampu ya madzi, nayonso njosiyana. Pa yotuwa ndi yaing'ono, inchi imodzi ndi gawo limodzi la magawo asanu ndi atatu, koma pa 135 ndi inchi imodzi ndi magawo atatu. Pali kachitsulo kolumikizira kamene mungagule. Shafuti imeneyi muziivindikira nthawi zonse, pakuti ikagwira chitenje kapena malaya siileka munthu.

Matayala a Ferguson amatheka kuwatalikitsa kapena kuwayandikitsa potembenuza malimu. Alangizi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75. Mukaika matayala pa mainchi 60, ndiwo masentimita ngati 152, adzayenda m'makwawa, mizere iwiri iri pakati, ndipo sadzaponda mbeu.

Mau otsatira awa, mafumu, muwanene pa bwalo. Dziko lathu la Mwanza ndi la mapiri ndi zitunda. Munthu asamange unyolo kapena ngolo pa mkono wa pamwamba, kapena pena pali ponse pamwamba pa ekiselo. Mangani pa chitsulo chokokera cha pansi. Mukakokera chitsa kuchokera pamwamba, thirakitala imadzuka kutsogolo ndi kugwa chagada pasanathe masekondi awiri, ndipo mathirakitala akalewa alibe chitsulo chotchinjiriza woyendetsa. Potsika ndi ngolo ya manachesi lowetsani giya yaing'ono muli pamwamba, ndipo musaponde kilachi pa mtsetse. Ana asakwere pa madigadi. Pamene pali potsetsereka kwambiri siyani khasu ndi ng'ombe zilime, ndipo musafafanize akalozera amene munaunga kuti nthaka isakokoloke.

Potsiriza, nchito yanu anyakwawa ndi iyi. Anthu asanasonkhe ndalama, weruzani poyera kuti mwini thirakitala ndani, makamaka ngati iri ya masiye kapena ya kalabu imene inatha. Milandu yambiri imabuka injini ikalira, pamene kale panalibe woifuna. Sankhani woyendetsa mmodzi ndi wosunga buku mmodzi, ndipo pa ndalama iri yonse yolimira minda ya anthu patulani gawo la oilo ndi masipeya. Yambani kukonza m'mwezi wa June kapena July, kuti pofika October mukhale mutayesa pulawo m'munda. Ngati muona kuti mtengo wokonzera wapambana mphamvu zanu, musachite manyazi kuleka. Gulitsani kwa amakaniko ofuna masipeya, amene adzalipira koposa ogula pa sikelo.

Amene ali ndi funso apite kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, atatenga buku lija la manambala.