Penti Sachiza Dzimbiri

Mau amene analankhulidwa kwa alimi a m'makalabu pa Madisi, m'boma la Dowa

Ndathokoza kuti mwabwera, ngakhale fodya akukudikirani kuchigafa. Sindikusungani nthawi yaitali.

Ndamva kuti makalabu ena akufuna kusonkha ndalama fodya akagulitsidwa. Akuti agule galimoto ya pikapu yakale, aikonze, izithandiza mudzi. Maganizo amenewa ndi abwino. Koma ndalama za fodya sizibwera kawiri pachaka. Tsono ndati ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Ine sindine mmisiri wa magalimoto iai, ndine mphunzitsi. Koma ndinakhala miyezi itatu pambali pa mmisiri, pamene ankakonza galimoto ya malume anga.

Lero sitikamba za injini. Tikamba za thupi la galimoto, limene amisiri amati bodi. Pikapu ili ndi mutu, mmene amakhala dalaivala. Ilinso ndi kumbuyo, kumene timaika katundu.

Galimoto ya malume

Malume anali ndi Toyota Hilux ya chaka cha 1982. Anaigula kwa munthu wina itagwira kale ntchito. Inkanyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo. Pobwerera inkanyamula feteleza. Munthu akadwala usiku, inali yomweyo yomuthamangitsira kuchipatala.

Patapita zaka, dzimbiri linayamba kuoneka m'zitseko. Malume anapita nayo kwa mmisiri wina wa mtengo wotsika. Sabata imodzi yokha, galimoto inatuluka ikuwala ngati yatsopano. Tonse tinaombera m'manja.

Mvula itagwa nyengo imodzi, penti anayamba kutupa ngati matuza. Tsiku lina malume anali kutsika msewu wa miyala kuchokera cha ku Ntchisi. M'mutu wa galimoto munali mayi wodwala ndi mwana wake wa zaka zisanu. Galimoto inagunda dzenje. Pansi, popondera paja, panabooka. Mwendo wa mwanayo unalowa mpaka m'bondo, ndipo chitsulo chinamucheka. Mwamwayi malume anaimitsa msanga. Mwanayo anapola, koma chipsera ali nacho.

Titachotsa mphasa ya pansi tinaona zimene mmisiri uja anachita. Sanachotse dzimbiri. Anangomata pamwamba napaka penti. Akulu akale ananena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malume analipira kawiri ntchito imodzi. Ulendo wachiwiri anapita kwa mmisiri wachikulire, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira zimene ndikuuzanizi.

Dzimbiri limachokera kuti?

Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Chitsulo cha bodi ndi chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi. Dzimbiri silichedwa kuchiboola.

Kuno kwathu galimoto ili ndi adani anayi.

Woyamba ndi matope. Nthawi ya dzinja matope amakakamira pamwamba pa matayala, kunsi kwa madigadi. Amasunga chinyontho masiku ambiri.

Wachiwiri ndi feteleza. Mbewu amazikulitsa, koma chitsulo amachidya monga umachitira mchere. Thumba likabooka, feteleza amalowa m'ming'alu ya kumbuyo. Kenaka amayamwa chinyontho.

Wachitatu ndi madzi a mvula olowa m'mutu. Mphira yozungulira galasi la kutsogolo ikauma, madzi amadontha n'kukhala kunsi kwa mphasa. Kunsi kwa chitseko chilichonse kulinso timabowo totulukira madzi. Fumbi likatseka timabowoto, chitseko chimaola kuyambira m'kati.

Wachinayi ndi madzi a m'batire. Akatayika amadya malo okhala batireyo.

Mwaona tsono kuti dzimbiri limayambira kobisika. Mukaliona pamwamba, dziwani kuti m'kati lafika patali.

Musanagule, iyeseni

Magalimoto akale sanapangidwe mofanana. Toyota Hilux inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968. Ili ndi zitsulo ziwiri zazikulu pansi, zimene amati chesisi. Mutu ndi kumbuyo zimamangidwa pa chesisi ndi mabawuti, ndipo zikhoza kumasulidwa. Nissan 1400, imene inapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008, ndi yosiyana. Bodi yake ndi imene imanyamula galimoto yonse. Pansi pake pakaola, ndiye kuti msana wathyoka. Peugeot 404 inayamba ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anaipangabe mpaka 1991. Ndi yolimba, koma zitseko ndi magalasi ake n'zovuta kupeza. Funsani kaye kumene mudzazipeze.

Popita kukaona galimoto, nyamulani zinthu zitatu: maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, msomali waukulu, ndi tochi. Pitani masana.

Kulungani maginito m'kansalu, muwayendetse pa bodi. Pachitsulo amagwira. Pamene sakugwira, pali fila wochindikala. Fila ndi phala louma lija limene amisiri amamata nalo. Chotsani mphasa, mubaye pansi ndi msomali. Chitsulo chabwino chimalira, chovunda chimanyenyeka. Lowani pansi ndi tochi, muone chesisi ndi malo amene mutu wamangidwa. Tsekulani zitseko, muzinyamule pang'ono. Zikamagwedera, onani ngati nsanamira yake sinaole.

Kenaka werengani nambala ya chesisi pa galimotopo. Muiyerekeze ndi imene yalembedwa m'bulubuku, chilembo ndi chilembo. Zikasiyana, musapereke ndalama. Chesisi ikakhala yovunda kapena yopindika, isiyeninso galimotoyo. Bodi imakonzeka, koma nyumba ya maziko ogumuka sitifolera.

Ntchito yake imayenda motere

Yambani mvula itatha, kuyambira mwezi wa Meyi. Chitsulo chimafuna pouma.

Choyamba, tsukani galimoto yonse, makamaka pansi. Muisiye iume.

Chachiwiri, masulani mipando, zitseko, magalasi, nyale ndi mawaya. Apa ndi pamene ndinathandiza ine. Mabawuti a malo amodzi ndinkawaika m'kathumba kawokawo, n'kulembapo kuti "chitseko cha kumanja", "mpando", "nyale ya kumbuyo". Waya aliyense ndinammangirira kapepala. Pomanga sitinasowe kanthu. Ntchito imeneyi aliyense wa inu angathe kuigwira.

Chachitatu, palani penti paliponse pokayikitsa, mpaka chitsulo choyera chioneke. Musachite mantha mukaona mabowo akuchuluka. Analipo kale, munali musanawaone chabe.

Chachinayi, dulani povunda ponse. Dulani mpaka mufike pachitsulo chamoyo. Ili ndilo gawo lalikulu la ntchito yonse. Mayi posankha mtedza wa mbewu sasiya wovunda m'thumba. Dzimbiri mukalisiya pang'ono, lidzabwerera.

Chachisanu, pangani chigamba. Mmisiri uja ankayamba wadula katoni yofanana ndi bowo. Kenaka ankaiika pachitsulo n'kulemba m'mbali. Chitsulo ankachitenga ku denga la galimoto yakufa, chifukwa n'chofanana kuchindikala kwake. Malata a nyumba ankawakana. Ndi opyapyala, ndipo anakutidwa ndi zinki. Utsi wa zinki umadwalitsa munthu wowotcherera.

Chachisanu ndi chimodzi, wotchererani pang'onopang'ono. Chitsulo chopyapyala chikatentha kwambiri chimapindika. Mmisiri wodziwa amadonthetsa apa, n'kudumpha, n'kudonthetsa apo. Amadikira chizizire, n'kubwereranso, mpaka madontho onse atakumana. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Akatha amasalaza ndi galainda.

Chachisanu ndi chiwiri, wongolani pophwanyika. Mmisiri amagwira chitsulo cholemera kuseri, namenya ndi kanyundo kutsogolo. Samenya mwaukali. Amamenya pang'ono, n'kusisita ndi chikhato, n'kumenyanso.

Chachisanu ndi chitatu, ndiye fila. Fila si woipa, koma ntchito yake ndi kusalaza basi. Asapitirire mamilimita 3, ngati kuchindikala kwa mtengo wa machesi. Sayenera kutseka bowo, ndipo sayenera kukhala pa dzimbiri. Amasakanizidwa ndi mankhwala oumitsa. Werengani pachitini muyeso wake. Sakanizani pang'ono pokha, chifukwa amauma msanga.

Chachisanu ndi chinayi, pakani penti woyamba, amene amati pulaima. Chitsulo choyera chisagone usiku chosapaka, chifukwa mame okha amayambitsa dzimbiri. Pakani mbali zonse ziwiri za chigamba, kunja ndi kuseri. Amisiri aulesi amasiya kuseri, poti mwini galimoto sakuonako.

Penti wa mtundu ndiye womaliza. Ufazeni m'mamawa, mphepo ya mwera isanayambe kuulutsa fumbi. Wazani madzi pansi pozungulira galimoto. Kupaka mopyapyala katatu kumaposa kupaka mochindikala kamodzi. Pansi pa galimoto pakani penti wakuda wa phula. Ikani mphira zatsopano pagalasi ndi m'zitseko. Mukabwezera mphira zakale, mvula yoyamba idzalowanso.

Chenjerani ndi moto

Amayi ndi abambo, ntchito imeneyi ikhoza kupha munthu. Musanayatse moto, chotsani batire ndi thanki ya mafuta, muziike patali. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa kwambiri. M'kati mwake mumatsala mpweya wa petulo, ndipo umaphulika. Musalole munthu kuiyandikiza kumoto. Ikani ndowa ya mchenga pafupi.

Wowotcherera avale magalasi akuda a ntchitoyi, osati a dzuwa. Ana asamayang'ane moto umenewu, umawononga maso. Wopala fila ndi wofaza penti atseke mphuno ndi pakamwa, ndipo agwirire ntchito pamalo popita mphepo. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yekha. Tsamiritsani pa zipika zolimba.

Lembani pangano

Malume analuza ndalama ulendo woyamba chifukwa anangogwirizana pakamwa. Inu musatero. Khalani pansi ndi mmisiri, mlembi wa kalabu atenge kope. Lembani malo onse oti adulidwe. Lembani mtengo, ndi tsiku lomaliza ntchito. Lembani kuti zipangizo agule ndani, ndipo sungani malisiti. Musalipire ndalama zonse poyamba. Gawani patatu: poyamba ntchito, atatha kuwotcherera, ndi pomaliza.

M'panganomo muikemo mau awa: "Fila ndi penti zisapakidwe ife tisanaone chitsulo." Mmisiri woona sadzakwiya nazo. Wachikulire uja ankachita kutiitana yekha kuti tidzaone. Wokana, musiyeni.

Muuzeninso mmisiri kuti asadule kapena kupala pamene pali nambala ya chesisi. Mtundu wa galimoto nawonso unalembedwa m'bulubuku. Mukafuna kuusintha, kauzeni a ofesi yoona za magalimoto kuti akonze mapepala. Ndipo musaiwale kuti bodi yokongola siimitsa galimoto pamtsetse. Mabuleki, matayala ndi chiwongolero zionedwenso musanakweze munthu.

Mukaitenga, isamaleni

Yalani tenti kumbuyo musanakweze feteleza. Mukatsitsa, sesani ndi kutsuka tsiku lomwelo. M'dzinja chotsani matope kunsi kwa madigadi sabata iliyonse. Tokosani timabowo ta m'zitseko ndi kawaya. Mphasa ikanyowa, iyanikeni. Penti akakalika, pakanipo msanga. Imangireni chisakasa, monga mumachitira ndi ngolo.

Galimoto ya malume inatha miyezi itatu kwa mmisiri wachiwiri. Anthu ankatiseka kuti taigulitsa. Koma itatuluka inapirira mvula zaka zambiri popanda thuza ndi limodzi lomwe. Malume atakalamba anaisiyira mdzukulu wawo, pansi pake pali polimba.

Tsono mukamapita kukaona pikapu ija, musatengeke ndi kuwala kwake. Tengani maginito, msomali, tochi ndi kope lanu. Galimoto imeneyo idzanyamula mabelo anu, komanso idzanyamula ana anu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani adani anayi a bodi ya galimoto.
2. Kodi maginito amatiuza chiyani poyesa galimoto?
3. Chifukwa chiyani thanki yopanda petulo ili yoopsa?
4. Lembani m'kope lanu pangano lalifupi la kalabu yanu ndi mmisiri.