Wosewera ndi Mphunzitsi: Nkhani ya Kinnah Phiri

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mpira wa miyendo. Ndiyambira m'boma la Ntcheu, ngakhale kuti zimene ndinene zikukhudza boma lililonse limene lili ndi bwalo la mpira.

Munthu akamayenda pa msewu waukulu wochokera ku Balaka kulowera ku Dedza, Loweruka kapena Lamulungu masana, amaona anthu atazinga mabwalo a pasukulu: pa Kampepuza, pa Boma, pa Biriwiri, pa Mlangeni mpaka pa Lizulu. Kunja kwa mzere wa bwalo kumakhala bambo mmodzi amene sakhala pansi. Amangoyendayenda, kukuwa, kuloza uku ndi uku, mwina mpaka kuponya chipewa pansi. Ameneyo ndiye mphunzitsi wa timu, amene anyamata amamutcha kochi. Mukafunsa akuluakulu a komiti kuti adamsankha bwanji, kawirikawiri yankho limakhala limodzi. Amati, "Ameneyu pa unyamata wake adali chilombo. Akaugwira mpira, goloboyi ankayamba kupemphera."

Ulemu wotere ndi woyenera, pakuti munthu amene adasangalatsa mudzi sayenera kuiwalika. Komabe funso lathu ndi ili: kodi katswiri wosewera amasanduka katswiri wophunzitsa tsiku limene wasiya kusewera? Pofuna kuyankha funsoli, tiyeni tione moyo wa munthu amene adagwira ntchito zonse ziwiri pamaso pa mtundu wonse wa Amalawi, Bambo Kinnah Phiri.

A Kinnah adabadwa m'chaka cha 1954. Adatchuka m'zaka za m'ma 1970 akusewera kutsogolo mu timu ya Bata Bullets ya mu mzinda wa Blantyre, ndipo ochemerera adawapatsa dzina loti "Electric" kaamba ka changu chawo akayandikira golo. Kuyambira mu 1973 kufikira mu 1981 adasewera mu timu ya dziko lino masewera oposa 110, namwetsa zigoli 71. Chiwerengero chimenechi nchachikulu kwambiri moti chimawaika m'gulu la anthu ochepa mu Africa muno amene adagoletsera maiko awo zigoli zochuluka chotero.

Achikulire amene adamvera mpira pa wailesi masiku amenewo akukumbukira bwino zaka ziwiri. Mu 1978 dziko lino lidachititsa mpikisano wa chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa, ndipo timu yathu idagonjetsa Zambia ndi zigoli 3 kwa 2 mu ndime yotsiriza. Chaka chotsatira, mu 1979, anyamatawo adapita ku Kenya kukateteza chikhocho, nagonjetsa eni bwalo ndi zigoli 3 kwa 2. Mphunzitsi wawo adali Mngelezi, Bambo Ted Powell. M'midzi yambiri anthu ankaunjikana pakhonde la munthu amene adali ndi wailesi, atasonkherana mabatire, ndipo dzina la Kinnah likatchulidwa aliyense ankaimirira.

Koma miyendo ya munthu ili ndi nyengo yake. Akuluakulu adati tsobola wakale sawawa. Wosewera mpira aliyense, ngakhale akhale waluso chotani, tsiku limafika pamene mnyamata wa zaka 19 amampitirira ngati waima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 a Kinnah adapita ku Swaziland, dziko limene tsopano likutchedwa Eswatini, kumene adasewera mu timu ya Manzini Wanderers. Motero pamene Malawi idapita koyamba ku mpikisano waukulu wa chikho cha maiko a mu Africa, ku Ivory Coast mu 1984, iwo sadali nawo. Kumeneko timu yathu idagonja kwa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0, idafanana mphamvu ndi Nigeria 2 kwa 2, nigonjanso kwa Ghana 1 kwa 0. Ndikupemphani kuti zigoli zitatu za Algeria zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa tikumana nazonso.

Tisanapitirire, ndifuna kuti tione chitsanzo cha kutali, kuti timvetse kukula kwa vuto limene limadikira katswiri akasiya kusewera. Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi wathu. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Mu timu iliyonse muli munthu mmodzi wotchedwa quarterback. Iyeyu ndiye amalandira mpira poyamba, ndiye amauza anzake njira imene adzere, ndiyenso amasankha woti amuponyere. Tinganene kuti ndi mphunzitsi wa m'kati mwa bwalo. Ngati pali wosewera amene angayembekezeke kukhoza uphunzitsi mosavuta, ndiye ameneyu.

Bambo Bart Starr adasewera pa malo amenewa mu timu ya Green Bay Packers kuyambira mu 1956 mpaka mu 1971. Adatsogolera timuyo kukhala akatswiri a dziko lonselo kasanu, kuphatikizapo masewera awiri oyambirira a chikho cha Super Bowl mu 1967 ndi mu 1968. Kumapeto kwa 1974 eni timu adawapatsa udindo wa mphunzitsi wamkulu, atagwirako ntchito ya wothandiza mphunzitsi chaka chimodzi chokha. Pa zaka 9 zimene adakhala pa udindowo, timuyo idapambana masewera 52, nigonja masewera 76, ndipo mu 1983 adawachotsa ntchito. Nzeru adali nazo, khama adali nalo, anthu ankawakonda. Chimene chidawachepera ndi nthawi yoiphunzira ntchito yatsopanoyo asanaisenze.

Chifukwa chake nchosavuta kuchimvetsa. Wosewera amayang'anira thupi limodzi, lake lomwe. Mphunzitsi amayang'anira anthu 11 amene ali m'bwalo, ndi ena okhumudwa amene wawasiya pa benchi. Katswiri amachita zinthu zambiri mosaganiza, monga momwe munthu amayendera osawerenga mapazi. Tsono akapatsidwa mnyamata wopanda mphatso yonga yake, amasowa mawu omulongosolera, ndipo mapeto ake amangokalipa kuti, "Ine pamenepa ndikadagoletsa!" Mawu amenewo angakhale oona, koma mnyamata uja sanaphunzirepo kanthu. Ku Tsangano aliko alimi amene amakolola mbatata ya kachewere yochititsa kaso, koma si onse amene angakhale alangizi. Mlangizi ayenera kudziwa nthaka ya m'munda wa mnzake, ndiponso kudziwa kulankhula ndi mwini mundayo kuti amve.

A Kinnah adaiphunzira ntchito imeneyi pang'onopang'ono, ndipo zaka zambiri adali kunja kwa dziko lino. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Uphunzitsi adauyambira ku Swaziland komweko, kumene mbiri ya zigoli za ku Blantyre sikadawathandiza kwenikweni timu ikagonja. Atabwerera kumudzi adaphunzitsa timu yawo yakale, imene pa nthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets, ndipo mu 2004 adaifikitsa mu ndime ya m'magulu ya mpikisano wa matimu akuluakulu a mu Africa. Mu gulu lawo mudali Enyimba ya ku Nigeria, imene idatenga chikhocho chaka chimenecho. Adaphunzitsanso Free State Stars ya ku South Africa. Pamene bungwe la mpira la FAM linkawapatsa timu ya dziko mu 2008, Bambo Stephen Constantine atatula pansi udindo, padali patapita zaka zoposa 25 chilekereni kuisewerera timuyo.

Zipatso zidayamba kuoneka msanga. Mu June 2008, pa bwalo la Kamuzu mu mzinda wa Blantyre, Malawi idagonjetsa Egypt ndi chigoli 1 kwa 0, chimene adamwetsa Chiukepo Msowoya masewera ali pafupi kutha. Egypt imeneyo idali itangotenga kumene chikho cha Africa kawiri motsatizana, mu 2006 ndi mu 2008. Komabe kwa ine umboni waukulu wa uphunzitsi wawo uli pa masewera ena awiri. Mu March 2009 timu yathu idakagonja ku Abidjan kwa Ivory Coast ndi zigoli 5 kwa 0. Mu October chaka chomwecho matimu omwewo adakumananso mu Blantyre, ndipo adafanana mphamvu 1 kwa 1. Jacob Ngwira ndiye adayamba kugoletsa, ndipo Ivory Coast idapulumukira pa chigoli cha Didier Drogba. Kutenga anyamata amene achita manyazi, kuwaonetsa pamene adalakwa, ndi kuwabwezera mtima woti angathe kulimbana ndi yemwe adawagwetsa uja, imeneyo ndi ntchito ya mphunzitsi.

Pomaliza timuyo idapeza malo ku mpikisano wa chikho cha Africa wa mu 2010 ku Angola, patapita zaka 26 chipitireni koyamba kuja. Pa 11 January 2010, mu mzinda wa Luanda, Malawi idakumana ndi Algeria, imene idali itadzipezera kale malo ku chikho cha dziko lonse lapansi cha chaka chomwecho. Russell Mwafulirwa adamwetsa chigoli choyamba, Elvis Kafoteka chachiwiri, Davi Banda chachitatu. Ngongole ya zigoli zitatu ya mu 1984 ija idabwezedwa yonse tsiku limenelo. Taonani, omvera, kuti mphunzitsi amene pa unyamata wake ankangoganiza zomwetsa zigoli adakonza timu imene sidalole chigoli ngakhale chimodzi tsikulo, motsogozedwa ndi Peter Mponda kumbuyo, ndi Swadick Sanudi pagolo. Kafoteka, amene adagoletsa chachiwiri, adali wotchinga kumbuyo.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati nthano imene zonse zimatha bwino. Masewera awiri otsatira ku Angola tidagonja, 2 kwa 0 kwa eni bwalo, ndi 3 kwa 1 kwa Mali, ndipo timu idabwerera kumudzi. Mu October 2011 tidali pafupi kupitanso ku mpikisanowo, koma Chad idabweza chigoli m'mphindi zotsiriza, masewera natha 2 kwa 2, mwayi nupita kwa Tunisia. Mu 2012 Ghana idatitsekera njira potigonjetsa kwawo ndi kwathu komwe. Mu January 2013 a Kinnah adachotsedwa pa udindo. Ena mwa anthu amene adavina m'misewu mu 2010 ndi omwewo amene adafuula kuti achoke. Iwo sadasiye ntchito yawo, adakaphunzitsanso ku South Africa, ndiponso timu ya Mbeya City ku Tanzania. Malawi idadikira mpaka mu January 2022, ku Cameroon, kuti iwonekerenso pa mpikisano umenewu.

Tsopano tibwerere ku mabwalo a ku Ntcheu kuja, pakuti osewera athu ambiri amayambira pa mabwalo onga amenewo, mwina ndi mpira wachikulunga. Mwana wa mphatso akagwera m'manja mwa munthu wongodziwa kukalipa, amakula ndi zizolowezi zoipa, kapena amangousiya mpirawo. Dziko limataya wosewera amene silidamuone nkomwe.

Kwa inu amene mudasewera kale ndipo lero mwapatsidwa timu, pempho langa ndi lakuti mudzichepetse, mukhalenso ophunzira. Bungwe la FAM, limene likulu lake lili ku Chiwembe ku Limbe, limachititsa maphunziro a aphunzitsi a mpira, ndipo pali ziphaso za bungwe la mpira la mu Africa zimene munthu amakwera nazo kuchokera pa C, kupita pa B, mpaka pa A. Funsani kwa oyendetsa masewera m'boma lanu za nthawi imene maphunzirowa achitike. Pamene mukudikira, zolowerani kuonera mpira ndi maso ena. Musamangotsatira amene ali ndi mpira, koma muziona kumene aima anzake 10 aja.

Kwa inu a makomiti, mafumu ndi eni sitolo amene mumathandiza matimu, ndikuti yunifolomu yatsopano imasangalatsa, koma imang'ambika pakatha chaka. Ndalama yotumizira mphunzitsi ku maphunziro imapindulira ana a m'mudzimo zaka zambiri. Ndipo mukamsankha munthu, mpatseni nthawi. Akadakhala kuti a Kinnah adachotsedwa atagonja 5 kwa 0 ku Abidjan kuja, mwina tsiku la ku Luanda sitikadaliona. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Loweruka likudzali, mukapita kukaonera mpira pa bwalo la kwanuko, mumuyang'anitsitse bambo wa kunja kwa mzere uja pa nthawi yopumula. Muone ngati akusimba za zigoli zake zakale, kapena akuuza mwana wina pamene ayenera kuima chigawo chachiwiri chikayamba. Pamenepo mudzadziwa ngati timu yanu ili ndi mphunzitsi.